Galu ndi cala ca wonyamula makalata

Ku Britain, dziko la kutali limene akulu amati Mangalande, kalata imafika mpaka pa khomo la nyumba. Mwini kalata sapita kukaitenga. Pali munthu amene amaibweretsa. Pa Cipwitikizi munthu ameneyu amachedwa carteiro. Pa Cinyanja ndi wonyamula makalata.

Wonyamula makalata amadzuka kusanace. Amapita ku positi. Kumeneko amasanja makalata, msewu ndi msewu, nyumba ndi nyumba. Akatha amawaika m'thumba kapena m'kangolo, nayamba ulendo. Amayenda pansi maola ambiri. Mvula ikamagwa, iye ali panjira. Dzuwa likamaswa mtengo, iye ali panjira. Kampani yake ndi Royal Mail, ya magalimoto ofiira. Imafikitsa makalata pa makomo pafupifupi 32 miliyoni, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Zitseko za kumeneko zili ndi kabowo kopingasa. Kabowoko ndi kolowetsera makalata. Wonyamula makalata amakankha kalata pa kabowo, kalata nigwera m'kati mwa nyumba. Nthawi zambiri zala zake zimalowa nawo pang'ono. Iye saona cimene cili kuseri kwa citseko. Nthawi zina kuseriko kuli galu, ali phee, akudikira.

Cala cikaduka sicimeranso. Munthu amene amabweretsa kalata ya eni ake ayenera kubwerera kwawo madzulo ali ndi zala zake zonse 10. Nkhani yake ndi imeneyi.

Agalu 6 pa tsiku

Royal Mail imawerenga anchito ake amene alumidwa ndi agalu. M'caka cimene cinatha mu Marsu 2024, inawerenga 2206. Pa sabata ndi anthu 42. Pa tsiku ndi anthu 6. Mwana wa kalasi yoyamba angathe kuwerenga pa zala: dzanja limodzi lonse, ndi cala cimodzi ca dzanja linalo. Mawa enanso 6. Mkuja enanso 6.

Ena amalumidwa mwendo. Ena mkono. Ena nkhope. Mazana angapo amalumidwa zala pa kabowo kaja. Alipo amene sabwereranso pa nchito, cifukwa thupi linapunduka. Alipo amene cilonda cinapola, koma mtima sunapole. Akamva galu akuuwa, miyendo imanjenjemera.

Ambiri amalumidwa pa khomo penipeni. Wonyamula makalata wagogoda cifukwa ali ndi phukusi losalowa pa kabowo. Mwini nyumba watsegula. Galu wadutsa pakati pa miyendo yake ngati mphezi. Masiku amene sukulu zatsekera ngozi zimaculuka. Ana ali pa nyumba, zitseko zili pululu, agalu ali pabwalo. Mwana akamva kugogoda amathamanga kukatsegula, ndipo galu amathamanga naye.

Pamenepo mwini galu amanena mawu odziwika pa dziko lonse:

"Galu wanga saluma."

Mwina akunena zoona. Galuyo sanamulumepo iye. Sanalumepo ana ake. Amadya nawo, amasewera nawo. Koma galu amadziwa a pa nyumba, ndipo amadziwa mlendo. Wonyamula makalata ndi mlendo wa tsiku ndi tsiku, amene salowa, amene sakhala pansi, amene sapatsidwa moni wautali. Amafika, galu nauwa, iye nacoka. Iye wacoka cifukwa makalata a nyumba ina akumudikira. Galu sadziwa zimenezo. M'mutu mwa galu muli nkhani ina: "Ndauwa, mdani wathawa." Mawa mdani uja wabweranso. Galu auwa kwambiri, mdani nathawanso. Comweco galu amaphunzira kuti kuuwa kumathandiza. Tsiku lina citseko cikatseguka, amayesa mano.

Galu ameneyu si woipa. Akucita zimene agalu amacita. Galu sadziwa kuwerenga kalata. Sadziwa kumanga cingwe. Sadziwa kutseka citseko. Amene amadziwa zonsezi ndi mwini wake. N'cifukwa cake mlandu wa mano a galu uyenera kugwera munthu.

Lamulo limene linali ndi bowo

Mu 1991 boma la Britain linakhazikitsa lamulo la agalu oopsa. Lamulolo linkati galu akaluma munthu pa msewu, pa msika kapena pa malo ena a anthu onse, mwini wake ali ndi mlandu. Koma galu akaluma munthu pabwalo la mbuye wake, lamuloli silinkafikapo.

Tsono wonyamula makalata amagwira nchito kuti? Amagwira pa mabwalo a eni. Amatsegula kampanda, nayenda mpaka pa citseko. Pamene iye ankalumidwa kwambiri ndi pamene lamulo linkakhala cete. Linali ngati dengu lobooka pansi. Munthu akutola mango, mango akugwa.

Mu 2007 wonyamula makalata wina ku Sheffield analumidwa koopsa ndi agalu awiri. Mu 2008 wina ku Cambridge anagwidwanso ndi agalu awiri akuluakulu. Mkono wake unatsala pang'ono kuduka. Madokotala anavutika kuupulumutsa. Mlandu wake sunapite patali, cifukwa ngoziyo inacitikira pa malo a eni.

Munthu mmodzi wovulala, ali gone m'cipatala, angasinthe lamulo la dziko? Sangathe. Akadandaula yekha, amamuuza kuti pepani, nkhani nithera pomwepo. Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe.

Koma onyamula makalata a ku Britain sali okhaokha. Ali ndi sindikatu.

Mwana angafunse kuti:

"Ababa, sindikatu n'ciani?"

"Mwanawe, ndi bungwe la anchito. Anthu ogwira nchito imodzi amagwirizana. Aliyense amasonkha kandalama pang'ono. Amasankha anzawo oti awalankhulire kwa mabwana ndi kwa boma. Mmodzi akapwetekeka, onse amafunsa cifukwa cake."

Sindikatu ya onyamula makalata ku Britain imachedwa CWU. Inabadwa mu 1995, pamene mabungwe awiri a anchito a positi ndi a matelefoni anaphatikizana. Itaona za ku Sheffield ndi ku Cambridge, CWU inayamba ndawala imene inaicha Bite Back. Tanthauzo lake ndi kubwezera kuluma, koma iwo sanalume munthu. Analuma ndi mawu. Anasonkhanitsa nkhani za ovulala. Anaonetsa zithunzi za zilonda. Anapita kwa aphungu a nyumba ya malamulo, caka ndi caka, osatopa. Anagwirizana ndi mabungwe osamalira nyama, pakuti nawonso ankaona kuti vuto lili kwa eni agalu.

Dera la Scotland linasintha lamulo lake mu 2010. Northern Ireland inasintha mu 2011. England ndi Wales anacedwa, koma pa 13 Mayu 2014 nawonso anatseka bowo lija. Kuyambira tsiku limenelo, galu akaluma munthu pabwalo la mbuye wake, mbuye wakeyo ali ndi mlandu. Cilango cinakulanso. Kale cinkathera pa zaka 2 m'ndende. Tsopano munthu akavulala cingafike zaka 5, ndipo munthu akafa cingafike zaka 14. Kuyambira 2016 galu aliyense ku England, Scotland ndi Wales ayenera kukhala ndi kacizindikiro kakang'ono ngati njere ya mpunga pansi pa khungu. Makina akakawerenga, amachula mwini galu. Munthu sangakanenso kuti galuyo si wake.

Pambuyo pake panabuka funso lina. Wonyamula makalata wina analumidwa nsonga ya cala pa kabowo kaja. Mwini nyumba anali atacokapo. Ena anati wonyamula makalatayo ndiye analakwa, cifukwa analowetsa zala m'nyumba ya eni. Khoti lalikulu linakana. Linati kabowo kanaikidwa pa citseko kuti makalata azilowa. Amene akulowetsa kalata si wakuba. Mwini galu ali ndi mlandu ngakhale sanali pa nyumba. Khotilo linagamula bwino. Munthu sangaboole citseko cake, naitana makalata, kenaka n'kudabwa kuti dzanja lafika.

Nanga mbala?

Alipo amene amatsutsa, ndipo mawu awo ali ndi mutu. Amati galu ndi mlonda. Amati galu womangidwa sagwira mbala. Amati munthu pa nyumba pake ndi mfumu, boma lisamulowerere.

Zoona, galu ndi mlonda wabwino. Salandira malipiro, sagona tulo tofa nato. Lamulo la 2014 silinaiwale zimenezi. Mbala ikathyola nyumba nilumidwa m'katimo, mwini galu alibe mlandu umenewu. Koma wonyamula makalata sabwera usiku. Sabwera cozemba. Amabwera masana, atavala yunifolomu, nthawi yake ndi yodziwika. Kutsekera galu m'cipinda mphindi 5 sikuitana mbala. Ndipo mfumu yeniyeni imasamala alendo ake. Mudzi umene alendo amalumidwa, anthu amaulambalala.

Pali cina cimene siciyenera kubisidwa. Lamulo linasintha mu 2014, koma patapita zaka 10 olumidwa anali akadali 2206. Tsono lamulo linathandiza ciani? Lamulo silimanga galu. Limangonena amene ayenera kumanga. Kale wovulala ankauzidwa kuti ndi tsoka lake. Lero akhoza kupita ku polisi, nkhani yake nimveka. Kusiyana kumeneku si kocepa kwa munthu amene wataya cala. Koma cingwe cili m'manja mwa banja lililonse, ndipo boma silingalowe m'nyumba 32 miliyoni m'mawa uliwonse.

N'cifukwa cake sindikatu ndi kampani amacitanso zina. Caka ciliconse amapatula sabata yokumbutsa anthu za agalu. Anchito amapatsidwa kapanda ka pulasitiki kopanira kalata, kuti kalowe pa kabowo m'malo mwa zala. Galu akaluma, amaluma pulasitiki. Eni agalu amapemphedwa kuika kadengu ka waya kuseri kwa kabowo, kapena kabokosi kunja kwa mpanda. Ndipo nyumba ikakhala ndi galu woopsa wosamangidwa, makalata amaleka kupita kumeneko. Mwini wake amakatenga yekha ku positi.

Ena amakwiya nazo. Amati kalata ndi yawo, sitampa inalipiridwa. Akwiye. Sitampa inalipirira ulendo wa kalata. Sinalipirire mwendo wa munthu.

Maso a anchito

Ku Britain kuli lamulo la 1974 la umoyo ndi citetezo pa nchito. Limati bwana ayenera kusamala thupi la wanchito wake. Mu 1977 anawonjezera lina. Linati sindikatu ingathe kusankha wanchito mmodzi kuti akhale maso a anzake pa nkhani za ngozi. Munthu ameneyu ali ndi ufulu woyendera malo a nchito miyezi 3 iliyonse. Ngozi ikacitika, amafufuza. Amaona mabuku. Amafunsa mabwana. Akamacita zimenezi, malipiro ake sadulidwa.

Amayang'ana zinthu zooneka zazing'ono. Kodi mabuleki a galimoto akugwira? Kodi pansi pali poterera? Kodi nyale za m'cipinda cosanjira makalata zikuwala usiku? Kodi njira yothawira moto ndi yotseguka, kapena aunjikapo matumba? Kodi wanchito watsopano wauzidwa nyumba zimene zili ndi agalu?

Bwana wabwino angaone zimenezi yekha. Koma bwana amakhala mu ofesi, akuwerenga makalata angati afika, ndi nthawi yanji. Amene amadziwa khwerero losweka ndi amene amapondapo tsiku lililonse. Wanchito payekha amaopa kulankhula. Amaganiza za ana ake, za ufa, za lendi. Amakhala cete, napitiriza kuponda pa khwerero losweka. Wosankhidwa ndi anzake saopa cimodzimodzi, cifukwa kumbuyo kwake kuli gulu.

Msana

Galu amaluma tsiku limodzi, aliyense naona magazi. Thumba limaluma pang'onopang'ono, popanda woona.

Thumba lodzaza la wonyamula makalata linkaloledwa kufika makilogalamu 16. Kulemera kumeneku ndi kwa malita 16 a madzi, ndowa yotsala pang'ono kudzaza. Amayi amene amatunga madzi akudziwa. Koma amayi amasenza pa mutu, thupi lili cilili, ndipo akafika amatula. Thumba la makalata limalendewera pa phewa limodzi. Limakoka thupi kumbali imodzi, maola ambiri, zaka zambiri. Phewa limatha. Msana umatha. Mawondo amatha. Masiku ano makalata acepa koma maphukusi aculuka, pakuti anthu amagula katundu pa intaneti. Conco anchito ambiri amakankha tingolo, ena amayenda awiriawiri pa galimoto, n'kumatenga katundu pang'onopang'ono.

Pali cinanso coseketsa pomva, koma cowawa pocita. Omanga nyumba ena amaika kabowo ka makalata pansi penipeni pa citseko, pafupi ndi phazi. Amati zikuoneka bwino. Wonyamula makalata ayenera kuwerama mpaka pansi, thumba lili pa phewa. Nyumba imodzi si kanthu. Koma msewu wonse ukakhala wotero, amawerama kambirimbiri ngati munthu wobzala mbatata. Ndipo nkhope yake imafika pamene pali kamwa la galu. Muyezo wa ku Ulaya umati kabowo kakhale pakati pa masentimita 70 ndi 170 kucokera pansi. CWU inalimbana nazo zaka zambiri, ndipo mu 2019 phungu Vicky Ford anaitengera nkhaniyi ku nyumba ya malamulo ku London. Aphungu akuluakulu anakhala pansi kukambirana za kabowo ka pa citseko. Anacita bwino. Msana wa munthu ndi nkhani ya boma.

Dzuwa, mpweya ndi timphira

Britain ndi dziko lozizira. Anthu ake anazolowera mvula ndi cisanu. M'nyengo yozizira madzi amauma pa msewu n'kusanduka ayezi, ndipo onyamula makalata amaterereka, nathyoka mikono. Koma nyengo ya dziko lapansi ikusintha. Pa 19 Julyu 2022 kutentha ku Britain kunapitirira madigiri 40 koyamba m'mbiri yawo. Anthu a mu mzinda wa Tete angaseke, pakuti 40 amamudziwa bwino mwezi wa Outubru ndi Novembru. Koma a ku Tete amadziwanso kuti dzuwa lotero salicita masewera. Munthu woyenda pa dzuwa amataya madzi ndi thukuta. Mutu umapweteka, maso amacita cidima, nagwa. Ena amafa.

Ku Britain kulibe lamulo lochula kutentha kumene nchito iyenera kuima. Mabungwe a anchito akhala akupempha kuti likhalepo. Pempho lawo ndi la nzeru. Wonyamula makalata afunika madzi akumwa, cipewa, mthunzi wopumirapo, ndi ufulu wonena kuti lero dzuwa lanyanya. Kalata ikacedwa tsiku limodzi, mawu ake sasintha.

Mu 2020 kunabwera matenda a Covid-19. Anthu anauzidwa kukhala m'nyumba. Onyamula makalata sanakhale. Ankafikitsa mankhwala, katundu ndi zipangizo zoyezera matendawo. Nthawi imeneyo anali atagwirizana kale zonyanyala nchito pa madandaulo ena, koma anaimitsa, nati anthu akuwafuna. Cimene anaumirira cinali magolovesi, sopo, mankhwala opaka m'manja, ndi kutalikirana pa nchito. Kwa kanthawi galimoto imodzi inkakwera munthu mmodzi. Amene akutumikira anthu pa nthawi ya mliri sayenera kucita kupempha sopo. Koma anacita kupempha, ndipo anamveka cifukwa anapempha ali ambiri.

Munthu woyenda m'mphepete mwa msewu tsiku lonse amapuma utsi wa magalimoto. Utsi wa dizilo umawononga mapapo. Ena mwa magalimoto otulutsa utsiwo ndi a positi omwe. Tsopano Royal Mail ili ndi magalimoto zikwi zingapo oyendera magetsi, opanda utsi. Izi zimathandiza wanchito, zimathandizanso mwana amene akuyenda pa msewu womwewo kupita ku sukulu.

Kale onyamula makalata ambiri ankayenda pa njinga zofiira zolimba. Kampani italeka kuzigwiritsa nchito, zina zinakonzedwa n'kutumizidwa ku Malawi, ku Blantyre. Njinga imene inkanyamula makalata pa cisanu inayamba kunyamula matumba pa fumbi.

Pa nkhani ya cilengedwe anchito nawonso ali ndi pawo polakwa. Makalata amamangidwa m'mitolo ndi timphira. Ena akamasula mtolo amataya kamphira pansi. Mbalame ndi tinyama tating'ono timakodwa, tina timameza. Amene akufuna kuti eni nyumba amusamale, nayenso asamale bwalo la eni. Kamphira kabwerere m'thumba.

"Odi!"

Ana ambiri a ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga sanaonepo munthu akubweretsa kalata pa khomo. Agogo awo amakumbukira makalata ocokera ku Joni ndi ku Harare, kumene amuna ankapita kukagwira nchito. Kalata inkadutsa m'manja ambiri isanafike, ndipo ikafika ankaitana mwana wa sukulu kuti awerenge. Lero mawu amayenda pa telefoni. Kampani ya boma ya Correios de Moçambique inathetsedwa mu 2021.

Koma anthu oyenda khomo ndi khomo pa nchito sanathe. Alipo a zaumoyo amene amayendera odwala m'midzi. Alipo opereka katemera wa poliyo kwa ana. Alipo ogawa masikito, olemba kalembera, alangizi a ulimi, aphunzitsi ofunafuna mwana amene wasowa ku sukulu. Onsewa amalowa pa mabwalo a eni, ngati wonyamula makalata wa ku Sheffield. Lamulo lalikulu la dziko la Mosambiki, pa ndime 85, limati wanchito ali ndi ufulu wotetezedwa ndi wogwira nchito pa malo opanda ngozi ndi aukhondo. Ndime 86 imati anchito ali ndi ufulu wokhala ndi sindikatu. Mu 2022 bungwe la dziko lonse loona za nchito, la ILO, linanenanso kuti kugwira nchito mopanda ngozi ndi ufulu wa munthu aliyense.

Ndipo pali cinthu cimodzi cimene cimakulitsa nkhaniyi muno kuposa ku Britain. Agalu a ku Britain alibe ciwewe. Anacithetsa kalekale. Muno ciwewe cilipo. Bungwe la zaumoyo la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambiri mu Afrika ndi mu Asia. Pafupifupi onse amacitenga kwa agalu. Pa anthu 10 olumidwa ndi nyama yokayikitsa, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kacirombo kake kamakhala m'malovu a galu wodwala. Kamalowa pa cilonda, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka ku ubongo. Kakafika, mankhwala palibe. Koma kasanafike, katemera amakagonjetsa.

Conco munthu akalumidwa, kapena kukandidwa, atsuke cilonda nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali, mkono umatopa, koma asafupikitse. Asamange cilonda ndi nsanza, asapake dothi kapena phulusa. Akatha apite ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale cilonda cikhale cacing'ono. Mwana asabise poopa kukalipiridwa. Makolo asakalipe mwana amene waulula. Ndipo a zoweta akalengeza tsiku la katemera wa agalu, galu aliyense apite. Agalu 7 pa 10 alionse akalandira katemera, ciwewe cimasowa podutsa m'mudzi.

Makolo akale anasiya mwambo wothandiza pa nkhaniyi. Mlendo salowa pabwalo mwakacetecete. Amaima kumapeto, nati:

"Odi! Odi kuno!"

Mawu amenewa amapatsa eni nyumba nthawi. Vuto ndi lakuti ambiri amayankha msanga kuti "Lowani!", galu ali gone pansi pa nkhokwe. Mlendo afika pakati pa bwalo, galu nadzuka. Pamenepo ndi pamene amayamba kufuula kuti "Coka! Coka iwe!", mwala uli m'manja. Galu amamenyedwa cifukwa ca ulesi wa mbuye wake.

Mwana wa kalasi yoyamba sangagwire galu wamkulu, ndipo asayese. Koma ali ndi maso ndi pakamwa. Akamva odi, ayambe wayang'ana kumene kuli galu.

"Amayi, kwabwera alendo. Galu ali pa khonde."

"Wacita bwino, mwanangu. Uwauze aime pomwepo."

"Zikomo, ababa, taimani kaye pang'ono. Amayi akumanga galu."

Amayi atenga cingwe, namanga galu pa mtengo wa mango, pa mthunzi, naika mbale ya madzi pambali pake. Mwana atenga mpando, naupukuta ndi dzanja.

"Tsopano lowani, ababa."